Lipoti la nkhani: aldolase wokwera koma CK wabwinobwino mwa mayi wogulitsa usipa ku Mangochi

Kuno ku Mangochi aldolase, chinthu cha m'maselo chimene chimakwera m'magazi minofu kapena ziwalo zina zikavulala, sitiyeza tsiku ndi tsiku. Amatipeza ali kale papepala limene wodwala wabwera nalo kuchokera ku labotale yolipira ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kapenanso kuchokera ku South Africa kumene mabanja ambiri a boma lino ali ndi ana awo. Pepalalo likamafika kwa ife, nambala imakhala itazunguliridwa ndi cholembera ndipo banja lonse limakhala litasowa tulo. Lipotili ndalembera anzanga ogwira ntchito m'zipatala za m'mbali mwa nyanja, kuti pepala lotere likagwera patebulo panu mudziwe poyambira. Mayi amene ndikufotokoza nkhani yawo anavomera kuti ilembedwe. Dzina lawo ndi mudzi wawo ndasiya dala.

Wodwalayo ndi chimene anadzera

Ndi mayi wa zaka 44, wa ana anayi. Amagula usipa kwa asodzi pagombe, kuuyanika pathandala, n'kukaugulitsa kumsika. Atakhala pansi anati: "Adokotala, kupweteka kwenikweni sindikumva ayi, koma thupili landikana. Ndikanjuta pamoto, kuti ndidzuke mpaka ndigwire khoma."

Vutoli linali litatha miyezi inayi ndipo linabwera mwakachetechete. Choyamba chinali beseni la usipa, limene kale ankadzisenzetsa okha, koma tsopano silinkafika n'komwe paphewa. Kenaka kupesa tsitsi ndi kumanga mpango kumutu kunayamba kuwatopetsa, mikono imagwa yokha ntchito isanathe. Nsima anasiyira mwana wawo wamkazi chifukwa mthiko sunkatembenukanso mumphika. Chimene chinawawawa mtima koposa n'chakuti anayamba kuswali atakhala pampando, popeza akagunditsa mphumi pansi sankatha kudzuka popanda wowagwira. Komabe zala zinali zamphamvu: ankasankha mpunga, kuwerenga ndalama ndi kumanga chitenje popanda vuto. Mfundo imeneyi ndi yaikulu. Kufooka kumene kwagwira mapewa, chiuno ndi ntchafu mbali zonse ziwiri, n'kusiya zala ndi mapazi, kumaloza ku minofu yeniyeniyo osati ku mitsempha yotumiza mauthenga.

Analibe dzanzi, sankaona zinthu ziwiriziwiri, ndipo zikope sizinkagwa madzulo. Thupi silinkatentha. Anatchulapo kuti chinangwa ndi mbatata nthawi zina zimawatsamwa. Samwa mowa, sali pa ma ARV, ndipo sanamwepo mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi a gulu la statin, amene amadziwika kuti amavulaza minofu mwa anthu ena.

Magazi anayezetsa ali ku Johannesburg kumene anapita kukaona mdzukulu. Mwana wawo wamwamuna ataona kuti mayi ake akulephera kukwera masitepe, anawatengera kwa dokotala wolipira, koma masiku awo okhalira kumeneko anatha asanabwererenso kwa dokotalayo. Papepala panali izi: aldolase 21 U/L (mayunitsi pa lita imodzi), pamene malire a labotaleyo ndi 7.5, CK (creatine kinase, amene amakwera minofu ikavulala) 160 U/L, amene ali m'malire, AST 68 ndi ALT 44 (zimene tinazolowera kuyezera chiwindi), okwera pang'ono, LDH (amene amakwera maselo akaonongeka) wokwera, zoyezera chiwindi zina, bilirubin, ALP ndi GGT, zili bwino. Mnyamatayo anaimba foni ya mayi ake tili m'chipinda momwemo. "Adokotala, ndawerenga pa intaneti kuti zimenezi ndi khansa ya chiwindi. Ndiuzeni zoona, ndine mwana wawo woyamba."

Chimene nambalayi imanena, ndi chimene sinena

Aldolase ndi enzyme, kutanthauza puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi, imene imakhala m'kati mwa maselo. Ntchito yake ndi kudula shuga wotchedwa fructose-1,6-bisphosphate kukhala tizidutswa tiwiri, limene ndi gawo lachinayi pa njira imene selo limapezera mphamvu kuchokera ku shuga. Alipo wa mitundu itatu. Aldolase A amachuluka m'minofu ndi m'maselo ofiira a magazi, B m'chiwindi, m'impso ndi m'matumbo, C mu ubongo. Makina a ku labotale akamayeza amaphatikiza onse pamodzi, sasiyanitsa. Mwa munthu wamkulu mlingo wake umakhala pakati pa 1.0 ndi 7.5 U/L, ngakhale labotale iliyonse imalemba malire ake, ndipo ana aang'ono mwachibadwa amakhala ndi wokwererapo.

Choncho aldolase akakwera m'magazi, ndiye kuti penapake maselo akung'ambika n'kutaya za m'kati mwake. Ndinamufotokozera mnyamatayo kuti zili ngati madzi m'bwato: amakuuza kuti pali pobooka, koma sakuuza thabwa lake. Angachokere ku minofu yotupa kapena yovulala, ku chiwindi chotupa, ku maselo ofiira amene akusweka, ku mtima umene wavulala, ndiponso ku khansa zina. Koma paokha satchula matenda aliwonse, ndipo palibe dokotala amene amapeza khansa ya chiwindi poyang'ana aldolase.

Kuyezaku n'kwakale ndithu. Sibley ndi Lehninger ndi amene anaonetsa mu 1949 kuti aldolase amakwera mwa anthu odwala matenda a minofu. CK anadzabwera patatha zaka pafupifupi 10 n'kulanda malo, chifukwa iye amaloza ku minofu mosasokoneza kwambiri. N'chifukwa chake ambiri a ife tinazolowera kuti CK akakhala bwino ndiye kuti minofu ili bwino. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma si nthawi zonse. Pali matenda amene kutupa kwake kumagwira kwambiri kansalu kokuta timitolo ta minofu ndi timitsempha ta magazi ta pamenepo, monga dermatomyositis, antisynthetase syndrome ndi eosinophilic fasciitis. M'matenda amenewa CK angathe kukhala chete pamene aldolase wakwera. Maselo aang'ono a minofu amene akuphuka pamalo povulala amakhalanso ndi aldolase wochuluka. Mayi athuwa anali m'gulu limeneli.

Tisanakhulupirire nambala

Ndinawafunsa zimene zinachitika m'sabata imene anatengedwa magazi. Anakumbukira kuti masiku awiri m'mbuyo mwake anabayidwa jakisoni wa diclofenac pathako chifukwa cha msana. Jakisoni wa mumnofu amakweza aldolase, monganso ntchito yolemetsa: msodzi amene wapalasa usiku wonse kapena kukoka khoka m'mawa angakhale ndi nambala yokwera alibe matenda alionse. Chinanso ndi katengedwe ka magazi. Singano ikakhala yaing'ono, chingwe chikamangidwa nthawi yaitali pamkono, kabotolo kakagwedezeka kapena kakakhalitsa pamalo otentha madzi ake asanalekanitsidwe ndi maselo, maselo ofiira amasweka ndipo aldolase wawo amalowa m'madzi amene tikuyezawo. Ndi kutentha kwathu kuno, magazi otengedwa ku Mangochi n'kuwakweza minibasi kudzera ku Liwonde ndi Zomba mpaka ku Blantyre sangatipatse aldolase woti n'kumudalira. Ndinawauza kuti poyezanso akatengedwe magazi pa labotale pomwepo, m'mawa, atatha sabata yathunthu osabayidwa jakisoni ndiponso osanyamula zolemera.

Komabe sindinadikire zotsatira zachiwirizo kuti ndiyambe kuwayeza thupi. Jakisoni mmodzi sangafotokoze miyezi inayi ya kufooka.

Zimene maso ndi manja anapeza

Ndinawapempha apinde manja pachifuwa n'kudzuka pampando. Anayesa katatu, osatheka. Atagona chagada sanathe kudzutsa mutu ine nditaika zala ziwiri zokha pamphumi. Pa muyeso wa mphamvu wa 0 mpaka 5, pomwe 5 ndi mphamvu zonse, kukweza mikono m'mbali kunali 3, kupinda ntchafu 3, kuweramitsa khosi 4 wofooka, koma kufinya zala zanga 5, ndi mapazi 5. Kanyundo pamaondo ndi pazigongono kanayankha bwino. Kumva kukhudza ndi kubaya kunali kwabwino paliponse. Minofu sinali yotupa kapena yotentha pamalo amodzi, zimene zinachotsa ganizo la chithupsa cha m'kati mwa mnofu, matenda amene timawaona kawirikawiri kuno makamaka pantchafu.

Khungu ndi limene linamaliza nkhani. Pamfundo za zala zonse panali timabala tokhuthala, takuda kuposa khungu lozungulira, tosupuka pang'ono pamwamba, ndipo pakati pa mfundo ndi mfundo khungu linali losalala. Pazigongono chimodzimodzi. Mayiwo ankati ndi mchere ndi mamba a nsomba, ndipo anali atadzola mankhwala a zipere osaona kusintha. Zimenezi ndi zimene zimatchedwa Gottron papules. Zikope zam'mwamba zinali zotupa pang'ono ndi zoderako. M'mabuku chizindikirochi amachijambula pa khungu loyera pomwe chimaoneka chofiirira, koma pa khungu lathu mtundu umenewo suoneka; chimene mumaona ndi kuda ndi kutupa, ndipo n'chosavuta kuchiyesa kutopa kapena kusowa tulo. Ndibwino kumutengera wodwala pawindo, osadalira babu la m'chipinda. Pachifuwa pomwe bulauzi imasiya poyera ndi kumbuyo kwa khosi mpaka m'mapewa khungu linali lakuda ndi loyabwa. M'mphepete mwa zikhadabo munali mong'ambikang'ambika, ndipo nditadontheza mafuta pang'ono n'kuyang'ana ndi kachipangizo kounikira m'maso, timitsempha ta magazi tinaoneka totupa ndi topindika.

M'mapapo munali mwabwino, mtima bwino, chiwindi ndi kapamba zosatupa, m'maso mopanda chikasu.

Kuchotsa zofala kaye

Ngakhale chithunzi chinali chitaoneka, kuno sitingadumphe matenda amene tili nawo pakhomo. Malungo amaswa maselo ofiira ndipo angakweze aldolase ndi LDH. mRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu, inali yopanda kanthu ndipo Hb, mlingo wa magazi m'thupi, inali 11.8. HIV payokha imatha kutupitsa minofu, ndipo ARV wotchedwa zidovudine, amene odwala ena akale anamwapo zaka zambiri, amafooketsanso minofu. Mayiwa analibe kachilomboka. HBsAg, yoyezera matenda a chiwindi a hepatitis B, inali yopanda kanthu. Shuga anali bwino, creatinine, amene timayezera impso, wotsikirapo pang'ono monga zimakhalira minofu ikachepa, ESR, woonetsa kutupa m'thupi, wokwera. Chithokomiro chofooka chimabweretsanso kufooka kotereku, choncho TSH, yoyezera chithokomiro, ndinailemba pa kalata yowatumizira, ndipo inadzatuluka bwino.

Za AST ndi ALT ndinakhalapo pang'ono ndi mnyamata wa ku Johannesburg uja, chifukwa ndi zimene zinamuopsa. Tinazolowera kuzitcha zoyezera chiwindi, koma zimapezekanso m'minofu, makamaka AST. Pamene AST yaposa ALT, bilirubin ndi GGT zili bwino, munthu alibe chikasu, samwa mowa, alibe hepatitis B, koma akulephera kudzuka pampando, ndiye kuti gwero lake ndi minofu. Sikani ya pamimba inaonetsa chiwindi chosalala.

Mkodzo unatipatsa phunziro lake. Kapepala koviika kanaonetsa magazi. Mwa munthu wofooka minofu zimenezi zimachititsa mantha, chifukwa minofu ikasweka kwambiri myoglobin, puloteni ya m'minofu, amatuluka mumkodzo, kapepala kamamuwerenga ngati magazi, ndipo impso zingaime. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: pa maikulosikopu, ngati ndi myoglobin maselo ofiira saoneka. Mwa mayiwa maselo ofiira analipo, pamodzi ndi mazira a likodzo okhala ndi kaminga kunsonga. Munthu amene amalowa m'nyanja tsiku lililonse kukakumana ndi mabwato, n'zosadabwitsa. Analandira praziquantel pa mlingo wa 40 mg pa kilogalamu. Likodzolo linali matenda enieni ofunika kuchiza, koma silinali chifukwa cha kufookako.

Kutumiza ndi dzina la matenda

Ndinawatumiza kwa madokotala a matenda a m'thupi ndi a khungu ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndi kalata yofotokoza zonsezi. Kutsamwa kuja ndi kumene kunandichititsa kufulumira, popeza minofu yomezera ikafooka chakudya chimalowa m'mapapo. Ali ku Blantyre anayezetsanso monga tinapanganirana: aldolase 18 U/L, CK 175 U/L. Jakisoni uja anali atangowonjezera pang'ono pa vuto limene linalipo kale. Kachidutswa ka khungu kotengedwa pamfundo ya chala kanagwirizana ndi dermatomyositis, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira minofu ndi khungu la mwini wake.

Zizindikiro zimene Bohan ndi Peter anandandalika mu 1975 zikugwirabe ntchito kwa ife amene tilibe makina ambiri: kufooka kwa mapewa ndi chiuno mbali zonse, ma enzyme a minofu okwera kuphatikizapo aldolase, zotsatira za EMG (kuyeza magetsi a m'minofu), kachidutswa ka mnofu, ndi zizindikiro za pakhungu. Ndondomeko ya 2017 ya EULAR ndi ACR, mabungwe a madokotala a matenda a nyamakazi a ku Ulaya ndi ku America, imalola kuti munthu amene ali ndi zizindikiro zenizeni za pakhunguzi aikidwe m'gululi ngakhale mnofu usanadulidwe. Kwa wodwala wa kumudzi, amene ulendo uliwonse wa ku Blantyre umadya mpamba wa bizinesi, zimenezi n'zothandiza kwambiri.

Pa za khansa, mnyamata uja sanalakwe kotheratu, ngakhale njira imene anafikira pa ganizolo inali yolakwika. Dermatomyositis mwa munthu wamkulu imayenda ndi chiopsezo chokwera cha khansa, makamaka m'zaka zitatu zoyambirira. Si aldolase amene amatiuza zimenezi, ndi matendawo. Tinayang'ana zimene zimavutitsa amayi kwathu kuno: VIA (kuunika khomo la chiberekero atapakapo viniga), mabere, sikani ya chiberekero ndi mazira, X-ray ya pachifuwa. Zonse zinali bwino. Kutsamwa kunatha ndi mankhwala. Kukanapitirira, tikanawatumiza kukaunikidwa kummero, chifukwa khansa ya kummero ndi yofala m'Malawi muno.

Chithandizo

Asanayambe mankhwala ofooketsa chitetezo, tinatsimikiza kuti alibe TB ndiponso sali oyembekezera, ndipo analandira mankhwala a njoka za m'mimba, popeza njoka ya m'mimba yotchedwa Strongyloides imatha kufalikira thupi lonse munthu akakhala pa steroid. Analemera makilogalamu 58 ndipo anayamba prednisolone, amene ndi steroid wochepetsa kutupa, 60 mg m'mawa uliwonse. Madokotala a ku Blantyre anawonjezera methotrexate, mankhwala ena ofooketsa chitetezo, kamodzi pa sabata, ndi folic acid tsiku lina.

Pa methotrexate ndinachedwapo dala. Mankhwalawa akamwedwa tsiku lililonse angathe kupha. Tinasankha Lachisanu, tsiku limene mayiwa sangalisokoneze ndi lina, ndipo mwana wawo wamkazi ndi amene amasunga kabotolo. Pachikuto cha kabuku kawo ka kuchipatala ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti asapatsidwe Bactrim, chifukwa akaphatikizana ndi methotrexate amatha kuzimitsa mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi, ndipo tonse tikudziwa mmene Bactrim amaperekedwera mosavuta kwathu kuno, ngakhale m'magolosale. Tinakambirananso za kulera, popeza mankhwalawa amavulaza mwana m'mimba. Ndinawachenjeza kuti prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi ngakhale atamva bwino chotani, ndipo akatsala a sabata imodzi azibwera kudzatenga ena.

Dzuwa linali nkhani yovuta kuposa mapiritsi. Khungu la dermatomyositis limayaka ndi dzuwa, ndipo ntchito yoyanika usipa ndi ya padzuwa. "Ndiye tidya chiyani, adokotala?" Kuwauza kuti asiye bizinesi kukanakhala kulankhula kwa munthu amene salipira fizi. Tinagwirizana kuti iwo azigula nsomba mbandakucha ndi kugulitsa ali pamthunzi, atavala malaya a mikono yaitali ndi chipewa pamwamba pa mpango, ndipo kutembenuza usipa masana kukhale kwa mchemwali wawo. A fiziyo anawaphunzitsa zolimbitsa thupi zopepuka zoti azichita pamkeka kunyumba, chifukwa kugona osachita kanthu kumamaliza minofu imene yatsala.

Mmene zinayendera

Patatha masabata asanu ndi limodzi aldolase anali 9 U/L, AST itabwerera m'malire, koma mayiwo ankadandaula kuti mphamvu sizinabwere mokwanira. Zimenezi n'zoyembekezeka: ma enzyme amatsika msanga, minofu imatenga miyezi kuti imangidwenso. Pofika mwezi wachitatu ankadzuka pampando manja ali pachifuwa, ankapesa tsitsi okha, ndipo aldolase anali 6. Timabala ta pamfundo za zala tinaphwa koma kuda kunatsala.

M'mwezi wachisanu anabwera ali ndi nkhawa: ntchafu zayambanso kulemera, kukwera kabaza kukuvuta. Nkhope inali itazungulira, shuga atakwera pang'ono, koma khungu linali lodekha, khosi lamphamvu, kumeza kwabwino. Apa pali njira ziwiri zotsutsana. Ngati matenda abwerera, mankhwala ayenera kukwezedwa. Ngati ndi prednisolone amene wayamba kudya minofu, ayenera kutsitsidwa. Kufooka kobwera ndi steroid sikung'amba maselo, choncho ma enzyme sakwera. Mwa wodwala wina CK akanatithandiza kusiyanitsa, koma mwa mayiwa CK sanakwerepo ngakhale pamene matenda anali pachimake, ndiye kukhala kwake bwino sikukanatiuza kanthu. Aldolase ndi amene ankayenda ndi matenda awo kuyambira pachiyambi. Banja linasonkha ndalama ya ulendo, anakayezetsa, ndipo anatuluka 5.8 U/L. Titakambirana pafoni ndi dokotala wawo wa ku Blantyre, tinafulumizitsa kutsitsa prednisolone n'kusiya methotrexate momwe analili. M'masabata otsatira ntchafu zinapepuka.

Ndionjezepo chenjezo limodzi pa kuwerenga nambala yotsika. Minofu ikatha kwambiri, aldolase amatsika chifukwa palibenso maselo oti ang'ambike. Zimaoneka bwino mwa anyamata odwala matenda obadwa nawo a minofu otchedwa Duchenne muscular dystrophy, amene nambala zawo zimakhala zokwera kwambiri ali aang'ono n'kumatsika pamene akulephera kuyenda. Choncho paulendo uliwonse mayiwa ndimawayeza mphamvu ndi manja, n'kulemba m'kabuku manambala a khosi, mapewa ndi ntchafu, kuti aliyense wowaona pambuyo panga akhale ndi poyerekezera.

Panopa ali pa prednisolone 7.5 mg ndi methotrexate yawo ya Lachisanu. Abwerera kuswali pamkeka ndipo amadzuka okha, ngakhale beseni lodzaza akufunabe wowasenzetsa. Full blood count (kuwerenga maselo a magazi), ALT ndi creatinine timayeza miyezi itatu iliyonse kuno komweko, pamodzi ndi shuga ndi BP. Aldolase sitimuyezanso mwachizolowezi, chifukwa ulendo wake ndi wodula. Tidzamufuna pokhapokha kufooka kukabwerera ndipo thupi silikutiuza bwino mbali imene kwachokera. VIA, kuyeza mabere ndi sikani ya pamimba zidzabwerezedwa chaka chilichonse mpaka zaka zitatu zitakwana, ndipo ndawauza kuti chifuwa chouma, kupuma movutikira, kuonda kapena kutsamwa zikayamba, asadikire tsiku lolembedwa m'kabuku.